Chitsulo Sichinama

Aibweretsa Lachiwiri, itaberekedwa pa lole ya a Kamthunzi,
minibasi yoyera ija yolembedwa kuti Zonse ndi Nthawi,
mphuno itaphwanyikira mkati ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe.
Aitsitsa pansi pa mthethe, kuseri kwa depoti ya Kasungu,
pomwe ndakhala ndikuwongola zitsulo zaka khumi ndi ziwiri.

Apolisi alemba zawo.
Mboni zanena zawo, aliyense ndi liwiro lake.
Ine ndimafunsa chitsulo.

Gelesomu, taika nyundo pansi, bwera uone.

Galasi ili latumphukira kunja.
Ming'alu yonse ikuthawa pamalo amodzi:
apa panafika mphumi ya munthu.
Minibasi inaima pa Chinkhoma,
pamphuno pa thiraki ya mabelo a fodya,
koma amkatimo palibe anawauza kuti ulendo watha.
Anapitirira.
Thumba la mtedza lomwe anapakira kumbuyo kwenikweni
talipeza litaphulika pa giya.

Sukulu ndinalekezera Fomu 3, fizi itavuta,
koma a Chimphonda ndimawamvabe,
choko chili mbuu m'zala ndi pakolala:
choyenda chimafuna kuyendabe
mpaka china chitachiletsa.
Tinkalemba tikuyasamula.
Tinkati ndi za mayeso basi.

Tsiku lina anabwera ndi mazira awiri,
ogula ndi ndalama yawo, mwezi uli pakati.
Loyamba anaponya pachitenje
chomwe Nagama ndi mnzake anatambasula.
Linatera bwinobwino, lamphumphu.
Lachiwiri pakhoma. Phwa!
Liwiro ndi lomwelo, iwo anatero,
kusiyana kwake ndi nthawi yoimira.
Kuima pang'onopang'ono n'kulandiridwa,
kuima kamodzin'kamodzi n'kumenyedwa.

Mphuno yopindikayi ndiye chitenje chija, Gelesomu.
Popindika, inagulira okwera kanthawi
kosakwana n'kuphethira komwe,
ndipo ena ali moyo lero chifukwa cha kanthawi komweko.
Lamba akanagulanso kena.
Lambayo nayu,
anamumangirira ndi waya kuseri kwa mpando
kuti asamasokoneze pothithikana anthu.

Thiraki ija ndinaiona dzulo kupolisi.
Nyali imodzi yosweka, bampala yokalika penti.
Dalaivala wake amadya chimanga chootcha.

Komatu a Chimphonda ankati
ukamenya khoma, khoma limakumenyanso chimodzimodzi.
Mphamvu yomwe thiraki inapereka
minibasi inabweza yonse, osaperewera tambala.
Kungoti winayo ndi matani makumi atatu,
sanagwedezeke n'komwe.
Kufanana kotereku ndimakudziwa:
ngongole ndi imodzi,
wina walipira ndi nyali,
wina walipira ndi Layisoni,
yemwe ankandibweretsera chitseko chikakanika kutseka
n'kumandilonjeza za mawa.
Chiwongolero chake chapindika ngati chogwirira cha ndowa.
Chifuwa chinachikankha,
nacho chinakankha chifuwa.

Ndikanakonda lamulo lachinayi,
loti chikachitika chizibwerera,
magalasi adzitole okha pamsewu,
mtedza ulowenso m'thumba.
Mwina analiphunzitsa ku Fomu 4
ine nditachoka kale.

Mwini wake wabwera m'mawa, foni ili kukhutu.
Akuti ituluke msika wa fodya usanatseke.
Ndavomera. Ana anga sadya chisoni.
Ndiitenthetsa ndi moto wa gasi, ndiikoka ndi tcheni,
ndiimenya mpaka ikumbukire nkhope yake yakale,
ndipo nyundo iliyonse yomwe ndigwetse
idzandibwerera m'chigongono.
Madzulo mkazi wanga adzandithowa
osadziwa kuti akuthowa lamulo lachitatu.

Koma tiyambe ndi ichi:
ndipatse pulayala ndidule waya uyu.
Pabilu sindilembapo.

Iwe sesa mtedzawo, upete magalasi onse,
uthire m'thumba lina, umange bwino.
Uli ndi mwini wake.
Akuti ali kuwodi ya amayi, mwendo uli m'chikhakha,
ndipo wafunsa kale kawiri.